Ma TOYOTA opindika achuluka mu Mzuzu muno ndipo vuto si makina

Anzanga opanga masitika ndi zikwangwani mu Mzuzu muno ndikudziwa ena mundikwiyira koma ndinene basi, ntchito zambiri zomwe zikutuluka m'mashopu zokhala ndi ma logo a magalimoto n'zochititsa manyazi. Tayendani wapansi kuchokera ku depoti, mudutse kumsika, mupitirire mpaka ku Luwinga uko maso ali pa zikwangwani za magalaja, mashopu a masipeya, ma car wash, kumbuyo kwa ma Sienta ndi maminibasi, mukaona TOYOTA amene O woyamba ndi wonenepa wachiwiri wowonda, nyenyezi ya Benz mwendo umodzi wautali kuposa inzake, NISSAN wokokedwa m'mbali mpaka kuphwatalala, Ford wolembedwa ndi fonti ija timapangira makadi a ukwati. Ndipo zonsezi munthu analipira ndalama zake, anapita kukatenga, anathokoza, nkukakhoma.

Ukafunsa amati makina ndi akale, kapena vinyl wa masiku ano, pulasitiki yomata yomwe timadulapo zilembo ija, ndi feki. Za vinyl mwina, koma za makinazo ine ndiye ndikukana. Plotter, makina odulira vinyl aja, ilibe nzeru zake, kampeni kake kamangotsata mzere umene waipatsa pa kompyuta, ukaipatsa wokhotakhota idula chokhotakhota, ukaipatsa wosalala idula chosalala olo itakhala yakale bwanji. Vuto lili pa munthu wagwira mouse uja ndi kasitomala waima kumbuyo kwake akuti tangokoperani pa intaneti adada ndikufulumira ine.

Choyamba chomwe chimasocheretsa anthu ndi funso lija aliyense wongoyamba kumene Corel, pulogalamu yojambulira pa kompyuta ija, amafunsa, loti kodi fonti ya Toyota ndi iti, ya Isuzu ndi iti, amene ali nayo anditumizire pa WhatsApp. Funsoli linalakwika kale lisanayankhidwe, chifukwa dzina la kampani lomwe lili pa galimoto nthawi zambiri si fonti yoti ungaitayipe pa kiyibodi, ndi chojambula. Anthu anakhala pansi, mwina anayambira pa fonti inayake inde, koma chilembo chilichonse anachisema pachokha, apa kuchepetsa, apo kutambasula, mipata ya pakati kuyeza ndi maso, mpaka chinatuluka chinthu choti palibe fonti imene ingakupatse ndendende. Ford ndiye chitsanzo chapafupi, zilembo zopotana zija anazikonza ndi Childe Harold Wills, injiniya amene ankagwira ntchito ndi Henry Ford, zaka zoposa 100 zapitazo, nde iwe usakesake mu mafonti ako a script mpaka tambala alire F ameneyo sukampeza. Dzina la Mazda lomwe talizolowera lija nalo taliyang'anani bwino, zilembo zonse ndi zazing'ono kupatula D yekha amene ndi wamkulu koma wofupikitsidwa kuti alingane msinkhu ndi anzake, ambiri amangotayipa mazda nkudula osaona nkomwe.

Mafonti a makampani alipo ndithu koma ntchito yake yaikulu ndi ina, ndi olembera mawu a pa malonda, timabuku ta galimoto, mitengo ndi zina zotero. Kampani ya Benz m'zaka za m'ma 1980 inaitana Kurt Weidemann wa ku Germany kuti awapangire banja lonse la zilembo lotchedwa Corporate, ndipo Corporate A, ya timiyendo towonda ija, ndi imene anthu akhala akuiona pa malonda a Mercedes-Benz kwa zaka zambiri. Volkswagen inakhala nthawi yaitali ndi Futura ya Paul Renner ya 1927, komanso mu 1979 inapangitsa VAG Rounded, yozungulira kunsonga, yomwe ambiri amaisokoneza ndi Arial Rounded. Audi mu 2009 inatenga Audi Type kwa a Bold Monday a ku Netherlands. Jeep ndi amene anangotenga Helvetica yonenepa pafupifupi momwe ilili. Ambiri mwa mafontiwa ndi a eni, ena sagulitsidwa nkomwe, ena ndi ogula ndi madola, ndiye zomwe mumapeza pa masayiti aulere zolembedwa kuti fonti ya Toyota zija ndi zongoyerekeza za munthu wina amene naye ankangoyesa mwayi ngati inu nomwe.

Sindikuti kudziwa mafonti n'kopanda ntchito ayi, m'malo mwake ndi pamene pamaonekera amene ntchitoyi amaidziwa, kungoti tiphunzire kuyang'ana. Pa intaneti pali sayiti ya WhatTheFont, umaponya chithunzi iyo nkukupatsa mayina oyandikira, pali Identifont imene imakufunsa mafunso mmodzimmodzi, mchira wa Q uli bwanji, M miyendo ndi yoongoka kapena yotangadza, mpaka kukufikitsa penapake. Zimathandiza, koma ukaipatsa chithunzi cha baji ya chrome yonyezimira yojambulidwa padzuwa chammbali imangosokonezeka nkukupatsa zinthu zosagwirizana, bandulo itapita. Chida chenicheni ndi maso. Tengani Helvetica ndi Arial, awiri amene amapusitsa anthu tsiku ndi tsiku poti Arial imabwera ndi Windows ndiye aliyense ali nayo. Helvetica ndi ya 1957, ya Max Miedinger ku Switzerland, Arial ndi ya 1982 ya kampani ya Monotype, ukaziona patali ungati ndi chimodzi. Koma R wa Helvetica mwendo wake umatsika pafupifupi choongoka pomwe wa Arial umatayikira kunja chopendekera. G wa Helvetica ali ndi kachidendene pansi kumanja, wa Arial alibe. C ndi S wa Helvetica kunsonga anadulidwa mopingasa bwinobwino, wa Arial mopendama, ndipo t wamng'ono wa Arial pamutu anasongoka pomwe wa Helvetica ndi wodulidwa chabe. Ukadziwa zimenezi sudzapusitsidwanso. Fonti iliyonse ili ndi zilembo zake zoiulula, kawirikawiri R, G, S, a, t ndi manambala, osati kumayang'ana I amene ndi ndodo chabe kulikonse.

Ndipo olo fonti utaipeza yoyandikira kwambiri, pali mipata. Dzina la TOYOTA ndi mayeso abwino kwa aliyense amene akuti ndi dizayina, chifukwa T, Y ndi A ndi zilembo zosiya malo ambiri opanda kanthu, T pansi pa mikono yake, Y chimodzimodzi, A kumwamba. Ukangotayipa nkusiya, A womaliza uja amaoneka ngati wathawa anzake, umawerenga TOYOT kenako A. O amayenera kulowa pang'ono pansi pa mkono wa T, A ayandikire mpaka phazi lake likhale pansi pa mkonowo, ndipo izi umasuntha chimodzichimodzi uku ukubwerera m'mbuyo kuyang'ana. Chinanso, O amapitirira pang'ono mzere wa pamwamba ndi wa pansi pomwe, ndi dala, chifukwa chozungulira chikalingana ndendende ndi T maso athu amachiona ngati chaching'ono. Pali anthu amene akaona zimenezi amati awa analakwitsa nkumudula O kuti alingane, nde ndi zija mumaona O ali ngati wafota pakati pa dzina. Za kukoka zilembo m'mbali kuti zidzaze chikwangwani sindikambapo zambiri, gwirani pakona basi, kapena chepetsani, malo otsala si tchimo.

Tsopano pa vekita, apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kasitomala amabwera ndi chithunzi cha pa WhatsApp, chomwe chinali screenshot ya chithunzi china cha pa Facebook, chomwe nacho wina anachitenga kaya kuti. JPEG kapena PNG ndi timabokosi ting'onoting'ono ta mitundu toikidwa pamodzi, chiwerengero chake n'chokhazikika, ndipo WhatsApp imachifinya ukachitumiza ngati chithunzi osati ngati document. Pafoni chimaoneka bho zedi, koma chikulitseni kufika mamita 3 muone, m'mphepete monse masitepe okhaokha ndi utsi. Vekita ilibe timabokosi, ndi malangizo a masamu oti yambira apa, khota chonchi, kathere apo, ndiye fayilo imodzi yomweyo ungadulire kasitika ka pa thanki ya njinga yamoto kapena chikwangwani chachikulu cha m'mbali mwa M1 osataya kalikonse. SVG, EPS, AI, CDR ndi ma PDF ambiri ndi kumene vekita imakhala. Koma chenjerani, kuika JPEG mkati mwa Corel nkusevera ngati CDR sikuisandutsa vekita, ilipobe JPEG yomweyo yangovala jekete, ndipo ma fayilo otere akuyenda ambiri m'ma flash mu tauni muno.

Nde poti plotter imafuna mizere, munthu amathamangira batani lija la trace, losandutsa chithunzi kukhala mizere palokha, PowerTRACE mu Corel, Image Trace mu Illustrator, Trace Bitmap mu Inkscape. Batani limeneli ndi limene lapha ntchito. Silidziwa kuti ichi chinali chozungulira, silidziwa kuti mbali ziwirizi zimayenera kufanana, limangotsata malire a mitundu pamodzi ndi litsiro lonse la JPEG lija, chozungulira choyenera kukhala ndi ma node 4, timfundo togwira mzere, chimatuluka ndi mazana. Mukafuna kudzionera sinthani view ikhale Wireframe, yoonetsa mizere yokhayokha, muone timfundo tili mbwee m'mphepete. Kampeni kakamadutsa pamenepo kamangonjenjemera ngati Sacramento, njinga ya kabaza ya kuno, pa msewu wa ku Masasa nthawi ya mvula, kudula kumachedwa, pochotsa zinyalala za vinyl zilembo zimang'ambika, ndipo timakona tosafunikira tija ndi pomwe sitika imayambira kutukuka anyamata a car wash akangoipopera madzi. Trace ili ndi malo ake, siginecha, chidindo chakale, chojambula cha pamanja chakuda pa pepala loyera chojambulidwa bwino, koma osati logo yopangidwa ndi masamu.

Chomwe chimandiseketsa n'chakuti chida chomwe anthu amachithawachi, Bézier, chojambulira mizere pamanja ndi timikono tiwiri tija, chinachokera ku magalimoto konko. Mu 1959 Paul de Casteljau, katswiri wa masamu ku Citroën ku France, anapeza njira yofotokozera mzere wokhota ndi timfundo tochepa chabe, koma kampani inasunga ntchito yake mwachinsinsi kwa zaka zambiri. Ku Renault nako injiniya Pierre Bézier anafika pa nzeru yomweyo m'zaka za m'ma 1960, iye ndiye anaifalitsa poyera ndipo dzina linakhala lake. Onsewa vuto lawo linali bodi ya galimoto, mmene ungauzire makina kupindika kwa boneti kapena mudguard kuti ituluke chimodzimodzi nthawi zonse m'malo modalira dzanja la mmisiri. Masamu omwewo ndi amene analowa mu PostScript ya Adobe, chinenero cholangizira makina osindikizira, kenako Illustrator mu 1987, CorelDRAW mu 1989, mpaka Inkscape yaulere ija, ndipo mu Corel chidacho chimatchedwa Bézier mpaka lero. Ndiye munthu wojambula logo ya galimoto nkumathawa Bézier, aaa koma abale.

Ndipo ma logo ambiriwa si ovuta ngati mmene timawaopera. Mitsubishi ndi daimondi imodzi ya makona a madigiri 60 ndi 120, kuikopera nkuizunguza ndi 120 kawiri, yatha. Nyenyezi ya Benz jambulani mwendo umodzi muzunguze chimodzimodzi, sungatalikenso wina kuposa unzake. Audi ndi mphete 4 zofanana zotalikirana mofanana, zoimira makampani anayi amene anaphatikizana mu 1932, Audi, DKW, Horch ndi Wanderer. Ya Toyota yomwe inayamba mu 1989 ndi yomwe ili ndi kamsampha, ndi ma oval atatu inde koma kunenepa kwa mzere wake kumasinthasintha, pena ponenepa pena powonda, ndiye oval iliyonse umaipanga ndi awiri, wakunja ndi wamkati, osati mmodzi wopatsidwa outline. Chilichonse chofanana mbali ziwiri jambulani theka nkupanga mirror. Pa zilembo ikani ma node pamalo pomwe mzere wafika pamwamba penipeni, pansi penipeni, kumanja ndi kumanzere, O amakwana ndi 4 kunja 4 mkati, ukaona wafika 20 dziwa kuti wasochera. Musanayambe nkomwe fufuzani kaye PDF ya kabuku ka malonda ka kampaniyo, nthawi zambiri logo ili mmenemo ili vekita kale, mumangotsegula nkutenga, ndipo imeneyo ndi yodalirika kuposa za m'masayiti ongosonkhanitsa ma logo.

Komabe kuno kwathu kuli chifukwa china chomwe kujambula pamanja sikungathawike. Magalimoto athu ambiri ndi ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, amatsikira ku Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, Karonga, kukwera Chiweta nkufika kuno, ndipo ambiri a Toyota opangidwira msika wa ku Japan kutsogolo amakhala ndi baji yawoyawo osati ma oval aja. Mark X ili ndi X wake, Crown ili ndi chisoti, Harrier zakale zili ndi mbalame, Premio ili ndi P, Allion A, Axio ndi Fielder zambiri zili ndi C wa Corolla, ma Vitz ambiri ali ndi baji ya Netz, madila a Toyota a ku Japan. Mwini Harrier akafuna mbalame ija pa galasi lakumbuyo kapena pa kava ya tayala, vekita yake yabwino suipeza mosavuta, koma galimotoyo ili panja pa shopu pompo. Tulukani ndi foni, imani patali pang'ono, yang'anani baji maso ndi maso osati chammbali, jambulani pamthunzi, yezani ndi tepi m'litali ndi m'lifupi, kenako mukaitsate ndi Bézier. Mukaijambula kamodzi bwinobwino ndi yanu mpaka kale.

Palinso za zaka. Volkswagen inasintha logo mu 2019, Nissan mu 2020, BMW nayo 2020 pa zamalonda zake, Kia mu 2021 inabwera ndi ija anthu ambiri ankaiwerenga kuti KN mpaka kumaifufuza choncho pa Google. Onsewa anachoka ku zonyezimira za chrome ndi mithunzi kupita ku zafulati, zomwe kwa ife odula vinyl ndi mwayi chifukwa mthunzi sudulika. Koma chikwangwani chimodzi kuika Nissan ya chrome yakale, VW yatsopano yowonda, Toyota ya mthunzi ndi Mazda ya trace, chilichonse kukula kwake, chimaoneka ngati munangotola m'njira. Sankhani sitayelo imodzi, zonse zafulati za mtundu umodzi, ndipo ngati ndi galaja lokonza ma Tiida ndi ma Note akale, baji imene makasitomala ake amaiona pa sitiyaringi tsiku ndi tsiku ndi yakale ija.

Ena mundiuza kuti bwana mukulankhula za ku Ulaya, kuno kasitomala amafuna chotchipa, magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse ndiye umathamanga, ndipo munthu wodutsa pa kabaza sangaone kuti R mwendo wapendekera. Za mtengo ndi magetsi ndikuvomereza, si nthabwala, munthu amene akupikisana ndi mashopu ena mu mzere womwewo sangathe ola lathunthu pa logo imodzi kwaulere. Koma zoti anthu saona ndiye bodza. Sadziwa kutchula chomwe chalakwika, koma amaona. Munthu amene amagwira sitiyaringi ya Toyota tsiku lonse maso ake analoweza mawonekedwe aja, akaona yopindika pa shopu ya masipeya mumtima amangoti kaya masipeya ake ali bwanji, makamaka masiku ano pomwe aliyense akuopa kugula feki. Chikwangwani chomwe chimayenera kunena kuti kuno kuli zenizeni chikunena zosiyana. Ndipo za nthawi zija n'zoona pa tsiku loyamba lokha, magalimoto oyenda mu Mzuzu muno mitundu yake ndi yowerengeka, ukajambula ma logo ake nkusunga mu foda imodzi, mawa ndiwe wachangu kuposa wa trace amene tsiku lililonse akuyambiranso kusaka pa Google.

Mwina funso lalikulu n'lakuti n'chifukwa chani logo ya eni ikumatenga theka la chikwangwani pomwe dzina la mwini galaja lili kakang'ono pakona mu Arial. Ma logo amenewa ndi zizindikiro zamalonda zotetezedwa ndi malamulo, ndipo kuno ku Malawi tili ndi lamulo la Trademarks la 2018. Kulemba kuti timakonza Toyota, Nissan ndi Mazda ndi nkhani ina, koma kukhoma oval yaikulu pamwamba pa chitseko ngati ndiwe dila wovomerezeka ndi nkhani inanso, ndipo kudula masitika omata pa mabokosi a masipeya kuti aoneke ngati orijino kumeneko ndiye kuba basi, asakupusitseni ndi ndalama. Ine ndikanakonda luso lomweli lipite pa dzina la makaniko wa ku Chibavi kapena ku Katoto, limene ndi lomwe anthu amatumizirana akafuna wodziwa gearbox, ma logo a eniwo akhale ting'onoting'ono pansi mu mzere umodzi. Madala aja olemba ndi bulashi ndi penti pa makoma a magolosale izi amazidziwa, amayamba ndi choko ndi chingwe, kuyeza mipata ndi maso, dzina la mwini shopu patsogolo. Ambiri a iwo sanagwirepo mouse koma O wawo amapitirira mzere pang'ono mmene zimafunikira, ndipo wachinyamata wa Corel atakhala nawo masana amodzi atha kutolapo zambiri kuposa pa YouTube.

Kwa inu makasitomala, mukapangitsa logo ya bizinesi yanu musachoke ndi JPEG yokha. Funsani PDF kapena SVG ya vekita, zilembo zitasandutsidwa ma curves, kutanthauza mizere yojambula osati fonti, mu Corel ndi Ctrl+Q chabe, kuti mukapita nayo kwina kompyuta yopanda fonti imeneyo isakusinthireni nkuika Arial mwakachetechete. Muziisunga pa imelo osati pa WhatsApp pokha poti foni imatayika. Madizayina ena amakaniza fayilo dala kuti uzibwerera kwa iwo, zimenezo kambiranani musanapereke dipoziti, mtengo wa fayilo unenedwe poyera. Ndipo inu a mashopu pa quotation lembani kujambulanso logo pa mzere wakewake ndi mtengo wake, osaibisa mkati mwa mtengo wa vinyl, kasitomala akati wakwera muonetseni Wireframe ya trace ndi ya pamanja pa sikirini asankhe yekha.